Labotale ya m'Thumba: Mafunso ndi Mayankho pa Tizipangizo Toyezera Matenda m'Makomboni a Lusaka

Kalembera wa 2022 anapeza kuti mzinda wa Lusaka uli ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'makomboni monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere, George ndi Chainda, kumene khomo loyamba la chithandizo ndi kiliniki ya boma ya m'deralo, osati zipatala zazikulu za UTH kapena Levy Mwanawasa. Ku Chainda, komboni ya kum'mawa kwa mzindawu pafupi ndi Avondale ndi Chelstone, monganso m'makomboni ena onse, zambiri zimene kale zinkafuna ulendo wa ku labotale tsopano zimayezedwa patebulo la namwino ndi tizipangizo tokwana m'dzanja. Mafunso otsatirawa akufotokoza mmene tizipangizoti timagwirira ntchito, zimene tasintha, ndi pamene mphamvu yake imathera.

Kodi tizipangizo timeneti n'chiyani, ndipo timasiyana bwanji ndi labotale?

Labotale ndi chipinda chokhala ndi makina, magetsi, madzi, firiji ndi akatswiri ophunzira ntchito yoyeza magazi, mkodzo, makhololo ndi chimbudzi, choncho zoyezedwa zimayenera kutumizidwa kumeneko, ndipo wodwala amauzidwa kuti adzabwerenso tsiku lina kudzamva zotsatira. Tizipangizo tonyamulika timatembenuza ulendowu, pakuti choyezera ndicho chimapita kumene kuli wodwala, ndipo yankho limatuluka iye asanadzuke pampando. M'gululi muli timapepala toyezera malungo, HIV, chindoko ndi mimba, makina a batire oyezera shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mpweya wa m'magazi, komanso sikani yolumikizidwa ku foni kapena tabuleti.

Akatswiri a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO anaika muyezo wa choyezera choyenera malo osauka, wodziwika ndi dzina lachidule lakuti ASSURED, umene umafuna kuti chikhale chotsika mtengo, chosaphonya odwala, chosanamizira athanzi, chosavuta kugwiritsa ntchito, chofulumira ndi cholimba, chosadalira makina ena, komanso chofika kwa amene akuchifuna. Kufulumirako n'kofunika kwambiri m'komboni, chifukwa mayi wogulitsa tomato pamsika kapena bambo wa ganyu akauzidwa kuti adzabwere Lachinayi, amakhala atauzidwa kuti asiye ndalama ya tsiku lachiwiri, ndipo ambiri sabwerera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo zotsatira zopindulitsa ndi zimene wodwala wachoka nazo.

Kapepala kakang'ono kamadziwa bwanji zimene zili m'magazi?

Chitsanzo chooneka bwino ndi choyezera malungo. Namwino amang'amba paketi yotsekedwa bwino, n'kutulutsa kabokosi ka pulasitiki kotalika ngati chala, kokhala ndi mabowo awiri ndi kazenera. Amapukuta chala cha wodwala ndi thonje la sipiriti, kudikira chiume, kubaya ndi kasingano kogwiritsa ntchito kamodzi, kutapa kadontho ka magazi, kuika m'bowo loyamba, kenaka kudonthezera madzi apadera m'bowo lachiwiri ndi kulemba nthawi pa kabokosiko. Madziwo amakoka magazi kuti ayende m'kapepala kamene kali m'kati, monga mmene parafini amakwerera m'chingwe cha nyali ya koloboyi.

Panjirayo pali tinthu topaka utoto timene timamatirira ku puloteni yotchedwa HRP2, yomwe imapangidwa ndi kachilombo ka malungo ka Plasmodium falciparum, ndipo tinthuti tikanyamula puloteniyo timakodwa pamzere umodzi n'kuupatsa mtundu. Mzere wachiwiri umangotsimikiza kuti madzi ayenda bwino mpaka kumapeto. Pakatha mphindi 15 kapena 20, malinga ndi malangizo a wopanga, mizere iwiri imatanthauza kuti malungo alipo, mzere wotsimikizira wokha umatanthauza kuti palibe, ndipo ngati wotsimikizirawo sunaoneke, zotsatirazo n'zopanda ntchito ndipo kuyeza kuyenera kuyambanso. Kuwerenga nthawi isanakwane kumaphonyetsa mzere wofooka, pamene kuwerenga patapita ola kungaonetse mthunzi umene si mzere weniweni.

N'chifukwa chiyani kuyeza malungo kuli kofunika ku Lusaka, kumene malungo si ochuluka?

Kuchepa kwa malungoko ndiko kumachititsa kuti kuyeza kukhale kofunika. Mzinda wa Lusaka uli m'gulu la madera a Zambia amene kufala kwa malungo kuli kotsika kwambiri, mosiyana ndi zigawo monga Luapula, ndipo ambiri opezeka nawo mumzindawu amakhala kuti anali paulendo kumudzi. Motero mwana wa ku Chainda akatentha thupi, nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chimfine, chibayo, zilonda za kukhosi, matenda a njira ya mkodzo kapena a m'mimba, ndipo kumupatsa mankhwala a malungo popanda kuyeza kumachedwetsa chithandizo cha chimene chikumudwalitsa.

Zambia inali m'gulu la maiko oyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kusankha Coartem kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo popeza mankhwala atsopanowo anali okwera mtengo, kuwataya pa kutentha thupi kulikonse sikunali kothekanso. Mu 2010 WHO inalangiza kuti aliyense woganiziridwa malungo ayezedwe asanapatsidwe mankhwala, ndipo ntchito imeneyi m'dzikoli imatsogoleredwa ndi National Malaria Elimination Centre, yomwe ili ku Chainama. Chotsalira ndi chikhulupiriro cha odwala ena, ngakhale ogwira ntchito zachipatala ena, chakuti "malungo abisala", chimene chimachititsa munthu kukagula Coartem kusitolo ya mankhwala ngakhale kapepala kakana. Chosiyana nacho chimachitikanso, pakuti puloteni ya HRP2 imatsalira m'magazi kwa milungu ingapo munthu atachira, kotero kapepala kangavomere malungo amene anatha kale pamene chikumudwalitsa ndi china.

Kodi zotsatira za tizipangizoti n'zodalirika motani?

Choyezera chilichonse chimayesedwa pa miyezo iwiri. Woyamba ndi kutha kugwira odwala, kutanthauza kuti mwa odwaladi 100, ndi angati amene chimawapeza. Wachiwiri ndi kutha kumasula athanzi, kutanthauza kuti mwa anthu 100 opanda matendawo, ndi angati amene chimawanena molondola kuti alibe. Palibe choyezera chimene chimafika pa 100 mbali zonse ziwiri, ndipo tanthauzo la zotsatira limasintha malinga ndi kuchuluka kwa matendawo pakati pa oyezedwa.

Chitsanzo cha masamu chingathandize. Ngati pa anthu 1,000 odwaladi ndi 10 okha, ndipo choyezera chimanamizira anthu 2 pa athanzi 100 alionse, ndiye kuti mwa athanzi 990, pafupifupi 20 adzauzidwa kuti akudwala, kotero, ngakhale choyezeracho chitapeza odwala onse 10, mwa anthu 30 amene kapepala kawalozera, awiri mwa atatu alionse adzakhala alibe kanthu. N'chifukwa chake matenda amene chithandizo chake ndi cha moyo wonse sagamulidwa ndi kapepala kamodzi. Tizilombo nato timasintha: ku Peru ndi ku Eritrea kunapezeka tizilombo ta malungo tosapanga puloteni ya HRP2, timene timadutsa osaoneka, ndipo Eritrea inakakamizika kusintha mtundu wa zoyezera zake, chimene chimachititsa kuti maiko ena aziyang'anitsitsa tizilombo ta kwawo.

Nanga pa HIV, n'chifukwa chiyani munthu amayezedwa kangapo?

Zoyezera zofulumira zambiri za HIV sizifufuza kachilombo kenikeniko, koma zizindikiro za chitetezo zimene thupi limapanga polimbana nako, zimene ambiri amazitcha asilikali a m'thupi. Kuyeza kumayamba ndi kapepala kogwira kwambiri, monga Determine, ndipo kakavomera, magaziwo amayezedwanso ndi choyezera cha mtundu wina munthu asanauzidwe kuti ali ndi kachilombo. Mu 2019 WHO inalangiza kuti zoyezera zitatu zosiyana zivomerezane, pa chifukwa cha masamu omwe afotokozedwa aja, chakuti opezeka nako akamachepa pakati pa oyezedwa, gawo la onamiziridwa limakula. Thupi limatenganso milungu ingapo, nthawi zina mpaka miyezi 3, lisanapange zizindikirozo, motero amene watenga kachilombo posachedwa angapezeke alibe. Mwana wosakwana miyezi 18 amanyamula zizindikiro za mayi ake, choncho iye amafuna kuyeza kwa makina kofufuza kachilombo kenikeniko.

Makomboni ndi matauni a Zambia ndiwo anali bwalo la kafukufuku wamkulu wa PopART, amene anachitika kuyambira 2013 mpaka 2018 m'madera 21 a Zambia ndi South Africa, okhala ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ku Zambia anayendetsedwa ndi bungwe la Zambart. Alangizi ankayenda khomo ndi khomo atanyamula zoyezera m'zikwama, ndipo zotsatira za 2019 zinaonetsa kuti m'madera amene ntchitoyi inachitika, kutenga kachilombo kwatsopano kunali kotsika ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse poyerekeza ndi madera amene sinachitike. Ntchito ya STAR, imene inayamba mu 2015, inagawa zodziyezera wekha ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, makamaka OraQuick, imene munthu amapukuta nayo nkhama n'kuwerenga pakatha mphindi 20, ndipo inafikira amuna ndi achinyamata amene amaopa kuonedwa ndi aneba pamzere wa kukiliniki. Chodziyezera chikavomera sichinagamule, chimangotuma munthu kuchipatala kukatsimikiza. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza kuti 11 mwa akuluakulu 100 alionse ali ndi kachilomboka, ndipo pafupifupi 89 mwa 100 a iwo ankadziwa kale.

Kodi chifuwa chachikulu nacho chingayezedwe ndi kachipangizo ka m'manja?

Apa ntchito idakali pakati. Kwa zaka zoposa 100 chichokereni pamene Robert Koch anatulukira kachilombo ka chifuwa chachikulu (TB) mu 1882, njira yaikulu inali kupaka makhololo pagalasi ndi kuwayang'ana pa maikulosikopu, njira imene imaphonya odwala ambiri, makamaka ana ndi anthu amene ali ndi HIV. Mu Disembala 2010 WHO inavomereza Xpert MTB/RIF, katiriji imene imalowetsedwa m'makina a GeneXpert n'kufufuza chibadwa cha kachilomboko m'maola osakwana awiri, ndi kuonetsanso ngati sikakumva mankhwala a rifampicin. Katiriji imodzi inkagulitsidwa kwa maiko osauka pa madola 9.98 kuyambira 2012, ndipo mtengowo unatsika kufika pa madola 7.97 mu 2023. Komabe makinawo amafuna magetsi osadukiza ndi chipinda chozizira bwino, choncho amakhala m'malo owerengeka, ndipo makhololo a m'makiliniki ang'onoang'ono amatumizidwa kumeneko.

Kafukufuku wa dziko lonse wa 2013 ndi 2014 anapeza odwala TB otsimikizika 638 pa akuluakulu 100,000 alionse, ndipo nyumba zothinana za m'komboni, kumene banja lonse limagona m'chipinda chimodzi chosalowa mpweya, zimafulumizitsa kufala kwake. Zida ziwiri zonyamulika zikuthandiza kutseka mpata. Choyamba ndi kapepala ka LAM, koyezera mkodzo m'mphindi 25, kamene kamagwira bwino mwa odwala HIV ofooka kwambiri amene sangathe n'kutulutsa makhololo, ngakhale kakakana sikutanthauza kuti TB palibe. Chachiwiri ndi ekiselo yonyamulika imene chithunzi chake chimawerengedwa ndi pulogalamu ya kompyuta, njira imene ofufuza a Zambart anaiyesa mu Lusaka zaka zingapo WHO isanaivomereze mu 2021 ngati yosankhira anthu oyenera kuyezedwa makhololo.

Amayi oyembekezera apindula chiyani?

Phindu lalikulu kwambiri poyerekeza ndi mtengo wake lili pa chindoko, matenda amene mayi angakhale nawo osamva kanthu koma amene amachititsa kupita padera, kubadwa kwa mwana wakufa kapena wodwala. Jekeseni ya benzathine penicillin yoperekedwa nthawi yabwino imateteza mwanayo, koma kuyeza kwakale kunkafuna labotale ndi firiji. Zambia inalandira choyezera chindoko chofulumira m'ndondomeko yake mu 2011, kotero mayi wobwera kudzayamba sikelo angayezedwe ndi kubayidwa tsiku lomwelo. Malire ake ndi akuti kapepalako kamavomerabe ngakhale munthu anachira kalekale, motero mzamba amafunsa mbiri ya chithandizo, ndipo mwamuna naye amayenera kulandira mankhwala kuti mayiyo asatengenso. Pa sikelo yomweyo kadontho kena ka magazi kamaonetsa kuchepa kwa magazi, kapepala koviika mu mkodzo kamaonetsa puloteni, ndipo puloteniyo ikapezeka pamodzi ndi kuthamanga kwa magazi imachenjeza za matenda amene angafike pogwetsa mayi khunyu.

Chatsopano ndi sikani ya m'manja. Kuyambira 2016 WHO imalangiza kuti mayi aliyense aunikidwe kamodzi mimba isanakwane milungu 24, koma akatswiri owerenga sikani ndi ochepa. Ofufuza a University of North Carolina ndi a University of Zambia anaphunzitsa pulogalamu ya kompyuta kuwerengera msinkhu wa mimba kuchokera ku zithunzi zimene munthu wosaphunzira sikani amajambula pongoyendetsa kachipangizo pamimba motsata mizere yoikika. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2024, za amayi 400 a ku Lusaka ndi ku Chapel Hill, zinaonetsa kuti pulogalamuyo imaphonya ndi masiku pafupifupi 3, mofanana ndi akatswiri ogwiritsa ntchito makina akuluakulu. Kudziwa msinkhu wa mimba ndiko kumathandiza mzamba kusiyanitsa matenda a kubereka oyamba msanga ndi a nthawi yake, komanso kuzindikira mimba imene yapitirira masiku.

Kodi n'zoona kuti viniga amayezera khansa ya khomo la chiberekero?

N'zoona, ndipo Lusaka ndi umodzi mwa mizinda imene inaonetsa dziko kuti njirayi ingagwire ntchito m'makiliniki a boma. Mu Januwale 2006 unduna wa zaumoyo pamodzi ndi bungwe la CIDRZ, motsogoleredwa ndi madokotala Groesbeck Parham ndi Mulindi Mwanahamuntu, unayambitsa ntchito yopewera khansayi, imene ndi yopha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'dzikoli ndipo imakula msanga mwa amene ali ndi HIV. Namwino amanyowetsa thonje ndi viniga wa mphamvu ya 3 mpaka 5 pa 100, kuliika pakhomo la chiberekero, n'kudikira mphindi zochepa, ndipo malo amene maselo ayamba kusintha amayera mbee pakati pa mnofu wofiirira. Amajambula ndi kamera n'kukuza chithunzicho, kuti iye aone bwino, mayiyo aone yekha chimene chikukambidwa, ndipo dokotala wa kwina apereke maganizo pamene pali chikaiko.

Mphamvu ya njirayi ili pa kuona ndi kuchiza ulendo umodzi. Poyamba malo oyerawo ankaumitsidwa ndi kuzizira kwa mpweya wa m'mabotolo achitsulo, olemera ndi ovuta kudzazitsa, koma tsopano kuli kachipangizo ka batire kamene nsonga yake imatentha pafupifupi madigiri 100 n'kupha maselowo m'mphindi yosakwana imodzi. WHO inavomereza njira yotenthayi mu 2019, ndipo kafukufuku wamkulu woiyerekeza ndi njira zina anachitikira ku Lusaka komweko. Zilonda zazikulu kapena zokayikitsa zimatumizidwabe kuzipatala, kuphatikizapo Cancer Diseases Hospital, yomwe inatsegulidwa mu 2007.

Nanga ana ndi odwala matenda a mgonagona?

Chida chotsika mtengo kuposa zonse ndi kalamba ka mitundu itatu kokulunga pamkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5. Kakasonyeza kufiira, kutanthauza masentimita osakwana 11.5, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo akufuna chithandizo msanga, pamene chikasu, mpaka masentimita 12.5, ndi chenjezo. Kachipangizo kopanira chala kamayeza mpweya wa okosijeni m'magazi mwa kuwalitsa kuwala kupyola mnofu, ndipo mwana wa chibayo mpweya wake ukatsika pansi pa 90 pa 100 amafuna mpweya wa kuchipatala ngakhale asakuoneka wotheratu. Kafukufuku wa ku America wa 2020 anaonetsa kuti tizipangizoti timaphonya kuchepa kwa mpweya pafupifupi katatu mwa odwala a khungu lakuda kuyerekeza ndi azungu, phunziro lakuti chida choyesedwa pa anthu ena chiyenera kuyesedwanso pa anthu amene chidzawatumikira.

Kwa akuluakulu, kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse ku Zambia ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sadziwa chifukwa nthawi zambiri silipweteka. Makina a batire a BP amapeza vutoli m'mphindi imodzi, koma muyezo umodzi wopitirira 140 pa 90 sugamula, chifukwa munthu wofika wefuwefu kapena wamantha BP yake imakwera kwa kanthawi, ndipo lamba wochepa pamkono waukulu amanama. Makina a shuga nawo ndi otsika mtengo, koma timapepala take timagulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo mtundu uliwonse umalandira take tokha.

Pa nthawi ya kolera, choyezera chofulumira chimathandiza bwanji?

Chimathandiza mzinda kuposa wodwala mmodzi. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 unadwalitsa anthu oposa 5,000 mu Lusaka n'kupha pafupifupi 100, ndipo umene unayamba mu Okutobala 2023 unadwalitsa oposa 20,000 m'dziko lonse n'kupha oposa 700, mpaka bwalo la National Heroes linasandutsidwa chipatala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Kanyama imavutika kawirikawiri chifukwa yakhala pamwala wa mabowo, madzi apansi ali pafupi, ndipo mvula ikagwa zimbudzi zokumba zimasakanikirana ndi zitsime zosaya.

Kapepala koviika m'chimbudzi cha wodwala kamayankha m'mphindi pafupifupi 15, ndipo odwala angapo a dera limodzi akavomera, bungwe la Zambia National Public Health Institute limalandira chenjezo masiku angapo labotale isanatsimikize, kotero klorini, madzi abwino ndi katemera zimatumizidwa kumene zikufunika. Koma munthu amene akutsegula m'mimba madzi onga otsukira mpunga sayenera kudikira kapepala, chifukwa chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo mankhwala ake, madzi a mchere ndi shuga kapena diripi, amayamba nthawi yomweyo.

Kodi zoyezerazi zikukhudzana bwanji ndi kunena milandu pakati pa ophunzira a m'makoleji?

Zimakumana pa mlandu wa kugwiriridwa. Ophunzira ambiri a University of Zambia ndi a makoleji ena a m'mbali mwa Great East Road amakhala m'nyumba za lendi m'madera monga Kalingalinga ndi oyandikana nawo, kotero nkhanza ikachitika, wochitiridwayo amakhala pakati pa alonda a sukulu, polisi ya m'dera ndi kiliniki, osadziwa koyambira. Chipatala ndicho chili ndi nthawi yothina kwambiri. Mankhwala oteteza kutenga HIV, otchedwa PEP, amayenera kuyamba pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28, pamene mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira mpaka maola 120, ndipo zonsezi zimatsogozedwa ndi kuyeza kofulumira kwa HIV ndi mimba, kumene kumaonetsa mmene munthuyo analili nkhanzayo isanachitike.

Lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011 linalimbikitsa chitetezo cha ochitiridwa nkhanza, polisi ili ndi nthambi ya Victim Support Unit, zipatala zingapo zili ndi malo a One Stop Centre kumene namwino, mlangizi ndi wapolisi amapezeka pamodzi, ndipo mu 2016 makhothi ofulumiza milanduyi anatsegulidwa ku Kabwe ndi ku Lusaka. Nambala zaulere za 933 ndi 116 zimapereka uphungu. Fomu ya polisi imene dokotala amadzaza ndi umboni wofunika kukhothi, koma manyazi, mantha a kusekedwa ndi anzake kapena kuopa wolakwa amene ali ndi mphamvu pa maphunziro ake zimachedwetsa ambiri kunena, ndipo n'chifukwa chake uthenga woyenera kufika kwa wophunzira aliyense ndi wakuti chithandizo chisadikire mpaka atalimba mtima za mlandu. Kapepalako sikapereka umboni wa mlandu, kamangotsegula njira ya mankhwala maola asanathe.

Ndi zinthu ziti zimene zimalepheretsa tizipangizoti?

Choyamba ndi kutentha, pakuti zoyezera zambiri zimayenera kusungidwa pansi pa madigiri 30, zina 40, pamene chipinda cha malata m'mwezi wa Okutobala chimapitirira pamenepo, ndipo kapepala kowonongeka sikasintha maonekedwe. Chachiwiri ndi magetsi: chilala cha 2024 chitachepetsa madzi a ku Kariba, madera ambiri ankakhala opanda magetsi mpaka maola 21 patsiku, ndipo batire nayo imafuna potchajira. Chachitatu ndi manja, chifukwa kuthira madzi a pampopi m'malo mwa madzi a m'paketi, kuchulukitsa magazi kapena kusayang'ana tsiku lothera ntchito kumasandutsa choyezera chabwino kukhala chabodza.

Chachinayi ndi ndalama ndi malamulo. Zoyezera za m'makiliniki a boma zimagawidwa ndi bungwe la ZAMMSA, ndipo zambiri za HIV, TB ndi malungo zakhala zikugulidwa ndi thandizo la Global Fund ndi la boma la America, kotero kuimitsidwa kwa thandizo la America mu Januwale 2025 kunaonetsa kuopsa kodalira thumba la mwini. Bungwe la ZAMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndilo limayang'anira mankhwala ndi zida zololedwa kugulitsidwa, ndipo wogula choyezera m'sitolo ayenera kusankha sitolo yovomerezeka, kuona kuti paketi n'njosaboola ndi kuwerenga tsiku lake. Makina amene ena amayenda nawo m'misika, onena kuti amaona matenda onse a m'thupi munthu akangogwira kachitsulo, alibe maziko a sayansi, ndipo kawirikawiri amatsatiridwa ndi malonda a mankhwala.

Tsono phindu la choyezera liyenera kuwerengedwa motani?

Malipoti amakonda kuwerenga chiwerengero cha oyezedwa, chifukwa n'chosavuta kuwerenga, koma zitsanzo zonse zafotokozedwazi zikuloza ku muyezo wina, womwe ndi kutalika kwa nthawi kuchokera pamene mzere waoneka mpaka pamene chithandizo chayamba. Choyezera chindoko chinapulumutsa ana chifukwa jekeseni inali m'chipinda chomwecho, viniga anapindula chifukwa namwino yemweyo anali ndi chochizira, ndipo kalamba kofiira kalibe tanthauzo ngati chiponde cha ana onyentchera chatha m'sitolo ya kiliniki. Walira mvula walira matope: mzinda umene wafewetsa kuyeza wadziwonjezera odwala odziwika, amene tsopano akufuna mankhwala, galimoto yowatengera ku zipatala za Kanyama, Matero, Chawama, Chilenje ndi Chipata kapena ku Levy Mwanawasa, ndiponso munthu wowatsatira akapanda kubwerera. Kwa wokhala ku Chainda, mafunso oyenera kufunsa namwino kapepala kakayankha ndi atatu: ngati zotsatirazo zikufuna kutsimikizidwa, mankhwala ayamba liti, ndipo ngati kapepala kakana koma thupi likupwetekabe, chotsatira kufufuzidwa n'chiyani.